Makilomita ambiri kapena liwiro lalikulu? Kasankhidwe ka zokonzekera kwa othamanga mtunda wautali

Wothamanga amene nthawi yake pa makilomita 10 kapena 21 yaima malo amodzi kwa miyezi ingapo amalandira malangizo awiri osemphana. Ena amati awonjezere mtunda: azithamanga masiku ambiri, mofatsa, mpaka makilomita a pa sabata achuluke. Ena amati kumeneko n'kutaya nthawi, azipita pabwalo katatu pa sabata kukabwereza timitunda tifupitifupi mwamphamvu mpaka azipuma mwawefuwefu. Njira zonsezi zinatulutsapo akatswiri a mendulo za golide, choncho palibe yabodza. Koma ntchito imene zimagwira m'thupi ndi yosiyana, nthawi imene zotsatira zimaonekera ndi yosiyana, ndipo ziwalo zimene zimavulala nazonso n'zosiyana. Kwa munthu wokonzekera mpikisano wa makilomita 10 kupita m'tsogolo, ife timatsogoza mtunda wothamangidwa mofatsa, liwiro n'kumaliwonjezera pang'ono pa nthawi yake. Alipo anthu amene zimenezi siziwakwana, ndipo tiwatchula.

Zimene akatswiri anachitadi

Okonda mtunda wambiri amatchula Arthur Lydiard wa ku New Zealand. Iye ankathamangitsa anyamata ake mamailosi 100 pa sabata, omwe ndi makilomita 160, kwa masabata pafupifupi 10 asanayambe za pabwalo. Kumapeto kwa sabata ankakwera ndi kutsika mapiri a kunja kwa Auckland pa njira ya Waiatarua, makilomita 35. Mmodzi wa anyamatawo, Peter Snell, mpikisano wake unali wa mamita 800, wosakwana mphindi 2, koma mtunda wonsewo ankathamanga nawo. Pa masewera a Olimpiki ku Rome mu 1960 Snell anapambana mamita 800, Murray Halberg anapambana mamita 5,000, ndipo Barry Magee anakhala wachitatu pa marathon, mpikisano wa makilomita 42. Onse atatu anali a Lydiard. Mu 1964 ku Tokyo, Snell anatenganso golide pa mamita 800 ndi 1,500.

Okonda liwiro nawo ali ndi mayina awo. Woldemar Gerschler wa ku Germany ndiye anaika m'ndondomeko njira ya interval, yothamanga kamtunda kakafupi mwamphamvu, kupuma pang'ono, n'kubwereza. Iye ndi dokotala wa mtima Herbert Reindell ankatsatira kugunda kwa mtima: ukwere kufika cha pa 180 pa mphindi, wothamanga adikire utsike kufika cha pa 120, kenako ayambenso. Roger Bannister, amene pa 6 May 1954 ku Oxford anakhala woyamba kumaliza mailo imodzi m'nthawi yosakwana mphindi 4, anali kuphunzira udokotala ndipo nthawi inkamuchepera. Ankakonzekera pa nthawi yopuma masana, kuzungulira bwalo ka 10 ndi kupuma mphindi 2 pakati, nthawi ya kuzungulira kulikonse n'kumaitsitsa mwezi ndi mwezi kuchoka pa masekondi 66 kufika cha pa 60. Sebastian Coe, wophunzitsidwa ndi bambo ake Peter Coe, anapambana mamita 1,500 pa Olimpiki ya 1980 ndi ya 1984 ndi makilomita ochepa poyerekeza ndi a Lydiard.

Koma taonani mipikisano ya anthu a liwirowa: ndi ya mphindi 2 mpaka 4. Mukafika ku mipikisano ya ola limodzi kapena awiri, n'kovuta kupeza katswiri wa padziko lonse wa makilomita ochepa. Eliud Kipchoge, pokonzekera marathon ku Kaptagat m'dziko la Kenya pansi pa mphunzitsi Patrick Sang, ankapitirira makilomita 200 pa sabata. Atathamanga 2:01:09 ku Berlin mu 2022, kilomita iliyonse inkamutengera mphindi 2 ndi masekondi 52, komabe maulendo ake ambiri ofatsa ankawathamanga pa mphindi 4 mpaka 5 pa kilomita. Ndiponso palibe mbali imene inadalira chida chimodzi. Lydiard akatha masabata a mtunda ankapititsa anyamata ake ku zitunda, kenako pabwalo kukachita liwiro loopsa. Emil Zátopek, amene anapambana mamita 5,000, 10,000 ndi marathon ku Helsinki mu 1952, amadziwika ndi interval, koma ankabwereza mamita 400 ka 40 kapena kuposa, moti makilomita ake a pa tsiku anali ochuluka kwambiri.

Stephen Seiler, wofufuza za masewera ku Norway, atawerenga mabuku a zokonzekera a akatswiri othamanga, opalasa mabwato, a njinga ndi a ski (masewera otsetsereka pa chipale chofewa), anapeza kagawidwe kofanana pafupifupi paliponse: maulendo 8 mwa 10 alionse ndi ofatsa, 2 okha ndiwo amphamvu.

Zimene njira iliyonse imachita m'thupi

Kuthamanga mofatsa kwa nthawi yaitali kumasintha minofu yeniyeniyo. Timitsempha ting'onoting'ono tobweretsa magazi m'minofu timachuluka. Mitochondria, tizigawo ta m'maselo mmene chakudya chimasandukira mphamvu pogwiritsa ntchito okosijeni, timakula ndi kuchuluka. Thupi limazolowera kuwotcha mafuta ambiri n'kumasunga glycogen, shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi. Shuga ameneyu amakhalapo magalamu pafupifupi 500, ndipo pa liwiro la mpikisano amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ndi chifukwa chake pa marathon miyendo ya ambiri imafa cha pa kilomita ya 30 mpaka 35. Mtunda umalimbitsanso mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa. Zonsezi n'zochedwa: zimawerengedwa m'miyezi ndi m'zaka, ndipo zimapitirira kukula malinga ngati munthu sakuvulala.

Liwiro lalikulu limakakamiza mtima kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, limakweza mlingo wa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi, umene akatswiri amautcha VO2max, ndipo limadzutsa ulusi wa minofu umene sugwira ntchito munthu akamathamanga mofatsa. Zotsatira zimabwera msanga. Mu 2007 ofufuza a ku Trondheim motsogozedwa ndi Jan Helgerud anayesa anthu kwa masabata 8, katatu pa sabata. Amene ankathamanga mphindi 4 mwamphamvu ka 4, ndi mphindi 3 zofatsa pakati, VO2max yawo inakwera ndi pafupifupi 7 peresenti. Amene ankathamanga mofatsa mphindi 45, yawo sinasinthe kwenikweni. Kafukufukuyu ndi woona, koma muziwerenga malire ake. Magulu onse anapatsidwa ntchito yofanana kukula, kwa masabata 8 okha. Ubwino wa kuthamanga mofatsa ndi wakuti mungachite kochuluka, kawiri kapena katatu kuposa mmene mungachitire kwamphamvu, chaka chonse. Phindu lalikulu la interval limaoneka m'masabata 6 mpaka 8 oyamba.

Mlimi wa chimanga amazidziwa bwino zimenezi. Mtunda ndi feteleza wokulitsa, liwiro ndi wobereketsa. Wobereketsa amabiriwitsa munda m'masiku ochepa, koma mukathira wambiri pa chimanga chopanda mizu yokwanira, chimapsa.

Pezani kaye maliwiro anu

Musanasankhe njira, dziwani maliwiro atatu. Yambirani pa nthawi imene mwathamanga posachedwa pa mtunda woyezedwa bwino, osati imene mukulakalaka. Titenge munthu wa mphindi 50 pa makilomita 10, ndiye kuti 5:00 pa kilomita.

Liwiro lake lofatsa ndi 6:00 mpaka 6:40 pa kilomita. Chizindikiro chake: angathe kucheza ndi mnzake, kumaliza chiganizo chonse osadula mawu kuti apume. Mtima umakhala pa 65 mpaka 78 peresenti ya kugunda kwake kwapamwamba. Liwiro la tempo ndi limene angalisunge kwa ola limodzi pa mpikisano, cha pa 5:05 mpaka 5:10. Apa mawu amatuluka atatu kapena anayi basi, koma sakumva ngati agwa. Liwiro la interval ndi lofanana ndi la mpikisano wa makilomita 3 mpaka 5, cha pa 4:42 pa kilomita, kapena 1:53 pa mamita 400. Kulankhula kumatha.

Wopanda wotchi yoyeza mtima aime, aike zala ziwiri pakhosi pambali pa kholingo, awerenge kugunda kwa masekondi 15, achulukitse ndi 4. Awerenge nthawi yomweyo chifukwa mtima umatsika msanga. Masamu akuti 220 kuchotsa zaka zanu amaphonya ndi 10 kapena kuposa kwa anthu ambiri, choncho akasemphana ndi kapumidwe kanu, khulupirirani kapumidwe. Kumene kulibe bwalo la mamita 400, yezani ndi nthawi m'malo mwa mtunda. Bwalo la mpira lokwana mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi ndi mamita 346 kulizungulira m'mizere, koma mabwalo ambiri a pasukulu ndi ocheperapo, ndipo amene amawerenga kuzungulira kumodzi ngati 400 amadzinamiza kuti wafika pa liwiro limene alibe.

Masabata awiri a munthu mmodzi

Munthu wa mphindi 50 uja akufuna kuthamanga makilomita 21.1. Sabata yake ya mtunda wambiri ingakhale motere. Lolemba kupuma. Lachiwiri makilomita 10 ofatsa, pomaliza timaliwiro 6 ta masekondi 20, totakasuka, ndi kuyenda mphindi imodzi pakati. Lachitatu makilomita 12 ofatsa. Lachinayi makilomita 12, mkati mwake muli mphindi 20 za tempo. Lachisanu 8 ofatsa, Loweruka 6 ofatsa kwambiri, Lamlungu 17. Onse pamodzi ndi makilomita 65, maola pafupifupi 7, ndipo amphamvu ndi 4 okha.

Sabata ya liwiro ndi ya masiku anayi. Lachiwiri makilomita 2 otenthetsa thupi, mamita 1,000 ka 4 pa 4:42 ndi mphindi 3 zothamanga mofatsa pakati, n'kumalizira ndi kilomita ndi theka: onse 9. Lachinayi 2 ofatsa, 4 a tempo, 2 ofatsa. Loweruka 6 ofatsa. Lamlungu 14, anayi omaliza pa 5:20. Onse ndi makilomita 37, maola osakwana 4, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lamphamvu.

Anthu awiri ofanana atayamba masabata amenewa lero, pakatha miyezi iwiri wa liwiro angathe kumusiya mnzake pa makilomita 5. Pakatha chaka, pa makilomita 21.1, timayembekezera wa mtunda kukhala patsogolo, makamaka kuyambira kilomita ya 15. Pa marathon kusiyana kumakula kwambiri, ndipo kwa amene akulinga ku Comrades, mpikisano wautali kuposa marathon wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg ku South Africa, funso la kusankha silikhalapo n'komwe: pamafunika maola ambiri ali chiimire pa miyendo.

Sabata ya liwiro ndi yoyenera kwa munthu amene ntchito ndi banja zimamupatsa maola 3 kapena 4 okha. Ndi yoyeneranso kwa amene mawondo kapena misongolo imayamba kuwawa nthawi zonse akadutsa makilomita 45. Ameneyu masiku otsalawo apalase njinga mphindi 45 mpaka 60 mofatsa, monga imachitira ndondomeko ya masiku atatu ya ku Furman University ku America. Sabata ya liwiro imathandizanso amene wathamanga mtunda kwa zaka koma sanapondepo pabwalo. Woyamba kumene, wosakwana miyezi 6, interval aisiye kaye. Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata, koma mafupa ndi mitsempha zimatenga miyezi, ndipo munthu amavulala pamene akumva kuti mpweya ulipo wambiri.

Werenganinso ntchito ya tsiku ndi tsiku. Wakabaza, wolima ndi khasu, kapena woyenda pansi makilomita 8 popita ndi pobwera ku ntchito ali kale ndi katundu pa miyendo. Makilomita 50 a munthu wotere angafanane kulemera ndi 65 a wokhala muofesi.

Kuwonjezera mtunda osavulala

Amene ali pa makilomita 30 m'masiku atatu ayambe ndi kuwonjezera tsiku, osati kutalikitsa ulendo wa Lamlungu. Makilomita 5 ofatsa pa tsiku lachinayi amalemera pang'ono kusiyana ndi 5 owonjezera pamwamba pa 14. Kwerani masabata atatu, yachinayi tsitsani ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi: 30, 33, 36, 28, kenako 38, 42, 45, 35. Lamulo lotchuka la 10 peresenti pa sabata ndi poyambira chabe. Chimene chimavulaza kwambiri ndi kudumpha, monga kuchoka pa 30 kufika pa 45 m'sabata imodzi, kapena kuthamanga makilomita 25 Lamlungu pamene ulendo wautali wa mwezi wonse unali 14. Kuchoka pa 30 kufika pa 65 kukutengereni miyezi 5 kapena 6, ndipo musachite nazo manyazi.

Ulendo wautali usapitirire 25 mpaka 30 peresenti ya sabata kwa othamanga masiku 5 kapena 6. Pa nthawi imene mukukweza mtunda, musakwezenso liwiro; timaliwiro ta masekondi 20 tija kawiri pa sabata n'tokwanira kuti miyendo isaume. Makilomita ambiri athamangidwe pa msewu wadothi wosalala. M'mbali mwa tala mumapendekera ku ngalande, ndipo mwendo umodzi ukamaponda pansi kuposa unzake tsiku lililonse, bondo kapena chiuno chimayamba kudandaula. Nsapato zambiri zimatha mphamvu pakati pa makilomita 600 ndi 800. Ya pakaunjika simudziwa kuti inayenda mtunda wotani, choncho musangoona pamwamba: finyani mphira wa pakati ndi chala chachikulu, ndipo ngati ndi wouma, wamakwinya ambiri, kapena nsapato ikupendekera mbali imodzi mukaiika pa tebulo, isiyeni.

Kachitidwe ka masiku amphamvu

Mphunzitsi wa ku America Jack Daniels anaika malire amene timawaona kuti ndi othandiza: tempo isapitirire 10 peresenti ya makilomita a pa sabata pa tsiku limodzi, interval isapitirire 8 peresenti. Wa makilomita 50 ndiye kuti tempo ya makilomita 5, interval ya makilomita 4. Sabata ya liwiro ija ikupyola pang'ono malirewa, ndipo n'chifukwa chake siyenera kupitirira masabata 8 popanda kubwerera ku zofatsa.

Tenthetsani thupi mphindi 15, chitani timaliwiro 4, ndiye muyambe. Pofuna kukweza VO2max, chigawo chilichonse chikhale cha mphindi 3 mpaka 5, chifukwa thupi limatenga pafupifupi mphindi 2 kuti lifike pamwamba pa kagwiritsidwe ntchito ka okosijeni. Kupuma kukhale kofanana kapena kocheperapo pang'ono, mukuthamanga mofatsa. Chigawo chomaliza chifanane nthawi ndi choyamba. Amene amayamba ndi 4:25 n'kumalizira 4:58 wawononga tsikulo: choyamba chinali liwiro la mtondo wadooka, zotsalazo wathamanga atatheratu, ndipo adzafunika masiku anayi kuti achire. Lekani mukumva kuti chigawo china chimodzi mukanachitha.

Tempo ndi imene imapindulitsa kwambiri pa makilomita 10 mpaka 42, ndipo ndi imene anthu amaiwononga poithamanga ngati mpikisano. Mungaichite mphindi 20 osaima, kapena mphindi 6 ka 4 ndi mphindi imodzi yopuma. Jakob Ingebrigtsen wa ku Norway, wa golide wa Olimpiki pa mamita 1,500 ku Tokyo mu 2021 ndi 5,000 ku Paris mu 2024, amadziwika ndi kuchita tempo yodukizadukiza kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, masiku awiri pa sabata. Chimene ambiri saona n'chakuti amadzibaya chala n'kuyeza lactate, chinthu chimene chimachuluka m'magazi munthu akamathamanga mwamphamvu, kuti asapyole mlingo, ndipo pansi pake pali makilomita pafupifupi 180 pa sabata. Phunziro lotengapo ndi kudziletsa kwakeko. Kuchita kawiri pa tsiku muli pa makilomita 50 n'kudziitanira kuvulala.

Kumene kulibe bwalo, fartlek imakwanira. Magulu a ku Iten m'dziko la Kenya amaichita pa misewu yadothi: mphindi imodzi mwamphamvu, imodzi mofatsa, ka 20 kapena kuposa. Inu yambani ndi ka 8 mpaka 10. Chitunda nachonso ndi bwalo labwino: masekondi 45 mpaka 60 pokwera, ka 8, potsika mukuyenda kapena kuthamanga mofatsa kwambiri. Pakati pa masiku awiri amphamvu pazidutsa maola 48, ndipo wa zaka zopitirira 45 nthawi zambiri amafuna 72.

Zimene zimalakwika

Vuto lofala kwambiri si mtunda wambiri kapena liwiro lambiri, koma kuthamanga pakatikati tsiku lililonse. Munthu wathu uja, m'malo mwa 6:20, amathamanga 5:30 Lachitatu, Lachisanu ndi Lamlungu, chifukwa pagulu palibe wofuna kutsalira, kapena chifukwa anzake adzaona nthawi yake pa Strava, pulogalamu ya pafoni imene othamanga amaonetseranapo nthawi zawo. Liwiro limeneli ndi lotopetsa moti sangawonjezere makilomita, komanso ndi lochepa moti silikweza VO2max. Tsiku la interval amafika miyendo italemera n'kulephera 4:42. Mankhwala ake ndi kutsitsa masiku ofatsa ndi masekondi 40 mpaka 60 pa kilomita kwa mwezi wathunthu, ngakhale zikhale zochititsa manyazi pamsewu. Pagulu, wofatsa kwambiri ndiye azitsogolera pa masiku ofatsa.

Kuvulala kwa mtunda kumakonda bondo, kutsogolo kapena kunja kwake, ndi msongolo. Kwa liwiro kumakonda akatumba, kuseri kwa ntchafu, pansi pa phazi ndi mtsempha wa kuseri kwa chidendene. Ululu umene umatha thupi likatentha ndipo sukula tsiku lotsatira mungapitirize nawo mutachepetsa ntchito. Umene ukukutsimphinitsani ndi woimitsa. Ululu wa pa fupa, pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala, umene umakula mukadumpha ndi mwendo umodzi kapena kumveka usiku, ungakhale mng'alu wa fupa. Pitani kuchipatala, kukakamira kumasandutsa masabata 6 opuma kukhala miyezi.

Kupyola muyezo kumaonekanso pa mtima wa m'mawa. Muziwerenga musanadzuke pabedi. Ukakwera ndi 7 mpaka 10 kwa masiku atatu, pamodzi ndi kusowa tulo, kukwiya msanga kapena kusafuna chakudya, pumani masiku awiri ndipo sabata imeneyo ikhale yofatsa yokhayokha.

Mtunda umadya. Kilomita iliyonse imatenga pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu ya thupi, choncho wa makilogalamu 60 wothamanga makilomita 80 pa sabata akufunika makalori pafupifupi 700 owonjezera tsiku lililonse. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi zichuluke, ndipo pasanathe ola mutamaliza ulendo wautali idyani chokhala ndi zomanga thupi monga mazira, usipa, nyemba kapena phala la soya. Ulendo ukapitirira mphindi 90, tengani magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola. Nthochi imodzi yaikulu ili ndi pafupifupi 25 mpaka 30. Mtsikana kapena mayi amene wasiya kusamba atawonjezera mtunda asakuyese kulimba kwa thupi. Ndi chizindikiro chakuti chakudya chikuchepa, ndipo mafupa amafooka. Kuchepa kwa ayironi kumapangitsa liwiro lozolowereka kukhala lolemetsa. Chiwindi, nyama ndi masamba obiriwira monga bonongwe zimathandiza, ndipo tiyi azimwedwa patadutsa ola kuchokera pa chakudya chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi.

Thupi likatentha ndi matenda musathamange konse. Malungo amaswa maselo ofiira a magazi, motero ngakhale mwamaliza mankhwala, magazi onyamula okosijeni amakhala akadali ochepa. Bwererani ndi mphindi 20 mpaka 30 zofatsa, interval idikire sabata kapena awiri, ndipo wefuwefu akapitirira kayezetseni magazi. M'miyezi ya October ndi November, makamaka kunyanja ndi ku Shire Valley, kutentha kumakweza mtima pa liwiro lomwelo. Thamangani mbandakucha, tsatirani kapumidwe osati wotchi, ndipo dziyezeni pa sikelo musanapite ndi pobwera: kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi.

Kuzilumikiza m'masabata 16

Kwa amene ali ndi maola 6 kapena 7, njira ziwirizi zimatsatizana. Masabata 8 oyamba ndi a mtunda, ndi timaliwiro kawiri pa sabata ndi tempo yaifupi kuyambira sabata yachisanu. Masabata 3 otsatira mtunda uime pomwe wafika, Lachiwiri likhale la chitunda. Masabata ena 3 tsitsani mtunda ndi 10 peresenti, Lachiwiri interval, Lachinayi kapena Lachisanu tempo, ndipo makilomita 5 omaliza a ulendo wa Lamlungu akhale pa liwiro la mpikisano. Masabata 2 omaliza dulani makilomita ndi 40 mpaka 60 peresenti koma liwiro lisatsike: m'malo mwa mamita 1,000 ka 5, chitani ka 3 pa nthawi yomweyo. Amene amasiyiratu liwiro masiku 14 amenewa amafika pa mzere woyambira miyendo ili yolemera.

Mpikisano ukatha, lembani nthawi ya kilomita iliyonse, chifukwa ndiyo idzakuuzani chowonjezera ulendo wotsatira. Kwa munthu wokonzekera bwino, nthawi ya makilomita 10 imakhala ya makilomita 5 kuchulukitsa ndi 2.08, ndipo ya 21.1 imakhala ya makilomita 10 kuchulukitsa ndi 2.22. Wa 24:00 pa makilomita 5 ayenera kufika cha pa 50:00 ndi 1:51. Ngati akuthamanga 24:00 koma pa 21.1 akumaliza 2:02, atayamba mwanzeru n'kufooka cha ku mapeto, chikumusowa ndi mtunda: awonjezere makilomita 10 mpaka 15 pa sabata m'miyezi iwiri, interval aichepetse kufika kamodzi pa masiku 10. Ngati pa 21.1 akumaliza 1:51 ali ndi mphamvu zotsala, koma makilomita 5 sakutsika pa 25:00, asunge mtunda umene ali nawo n'kuika masabata 6 a interval kamodzi pa sabata, kenako ayesenso makilomita 5 pa njira yomweyo, nthawi yomweyo ya m'mawa.